Atithyolera nyumba usiku wathawu, ndinakuwa koma palibe anatuluka

NaBanda_wa_25C
Abale anzanga a mu Area 25 muno ku Lilongwe, ine sindinadzuke bwino. Usiku wathawu cha m'ma 2 koloko mvula ija ili mkati atithyolera nyumba. Bambo a kunyumba ali ku Kasungu kuntchito nde ndinali ndekha ndi ana atatu. Anadumpha mpanda chakumbuyo komwe kuli chimanga chija, napinda zitsulo za pa zenera la kukhitchini, ine podzidzimuka ndangoona tochi kumaso, anyamata atatu, awiri ali ndi zikwanje. Anangoti gonani chafufumimba mayi musatiyang'ane. Atenga plasma, mafoni onse awiri, batire la sola, ufa umene ndinagayitsa Loweruka, ndi mashini yanga yosokera imene ndimadyetsera ana. Koma chimene chikundiwawa kuposa katunduyo ndi ichi, atangotuluka ndinathamangira pakhonde nkukuwa akubaa akubaa mpaka mawu kutha, mwana wanga wamkulu akumenya chidebe, palibe olo chitseko chimodzi chinatsekuka. Mzere wathu uno nyumba zilipo zoposa khumi, timabwerekana mchere, pa maliro timaphikira limodzi. Mwezi ndi mwezi ndimapereka K3,000 ya a neighbourhood, anafika 5 koloko kutayera. Ndikulemba pa foni ya mlamu wanga. Ndalamayi timaperekeranji, nanga anthufe tasanduka chani?

Mayi_a_Pempho
Mayo ine, pepani kwambiri asisi. Ana ali bwanji? Mashini yake ndi ija munasokera mayunifomu a ana anga ija?

NaBanda_wa_25C
Yomweyo mayi a Pempho. Ana alipo koma wamng'onoyu akukana kulowa kuchipinda, akungondikakamira chitenje chiyambire m'mawa.

ChimweneWaKabaza
Pepani mayi. Iyi ndi nyumba yachitatu imene ndamva ine mwezi uno cha kumunsi kwanuko, ndipo zonse akulowera kumbuyo mvula ikamagwa. Amadziwa kuti malata akamalira munthu sungamve chitsulo chikupindidwa.

Gama_Original
A neighbourhood amenewa ndi odya ndalama basi. Pa 1 amagogoda geti lililonse ndi kakope kawo, usiku ukawafuna ali pa shabini. Ine ndinasiya kupereka chaka chatha ndipo sindizaperekanso.

Madala_a_pa_Kona
Mayi NaBanda choyamba pepani, ine ngati wapampando wa komiti ya chitetezo ndikuvomera kuti takulakwirani. Ndafika kwanu m'mawa uja ndaona ndi maso anga momwe apindira zitsulo zija. Koma a Gama lolani ndifotokoze momwe zinthu zilili. M'kaundula mwathu muli makomo 140 kuyambira kumsewu wa tala kukafika kudambo. Mwezi wathawu amene anapereka ndi 41 basi. Werengani nokha, ndi K123,000 imeneyo, tigawire anyamata 6, tigulenso mabatire a matochi. Aliyense anatenga K18,000 atagona panja mwezi wathunthu, ndalama yosagula olo thumba limodzi la chimanga. Majombo alibe, zodziteteza ku mvula alibe, chida chawo ndi ndodo ndi wenzulo pomwe anzawo akubwera ndi zikwanje zonola. Usiku wathawu anabwera atatu okha, mvula itakula anakausa pakhonde la chigayo, uko nkumtunda inu muli kumunsi, kukuwa kwanu sanakumve. Sindikuwaikira kumbuyo ayi, mmodzi tinamuchotsa kale chifukwa cha kachasu. Koma amene sapereka ndi omwenso amafuula kwambiri zikavuta, ndipo anyamata aja akamadutsa pa geti panu sadumphapo kuti apa sanalipire.

Gama_Original
Madala ndakumvani koma kaundulayo munayamba mwatiwerengerapo liti pagulu? Munthu sungamangoponya ndalama m'dzenje. Muzitionetsa zalowa zingati zatuluka zingati.

Madala_a_pa_Kona
Msonkhano wa mwezi watha tinaitana anthu onse, tinabwera 9. Inu munalibe. Kope ndili nalo, bwerani madzulo ano muliwerenge.

Tenanti_Wotopa
Komanso nkhani ya ma landilodi isabisike. Ploti imodzi nyumba 7, eni ake amakhala ku Area 47 amangobwera kuzatolera lendi, mpanda unagwa chaka chatha mpaka lero, babu lapanja kulibe. Ife alendi tilipire lendi, tilipire chitetezo, timangenso mpanda wa eni?

LandilodiWaSector3
Si tonse achimwene. Ine ndinaika babu lapanja katatu, katatu konse linabedwa ndi holder yomwe, ndipo geti limagona losatseka chifukwa alendi ena amabwera 1 koloko nkulisiya pululu.

NebaWanu_GetiLobiriwira
Mayi NaBanda ndakhala ndikuwerenga chiyambire m'mawa, ndalemba nkufufuta kangapo. Ine ndinamva. Ndinamva kukuwa kwanu ndi chidebe chomwe. Ndinadzuka nkuvala nsapato nkutenga mpini wa khasu umene ndimasunga kuseri kwa chitseko, mayi a kunyumba anandigwira malaya akulira kuti mukatuluka akakutemani ana awa ndilera ndi ndani. Ndinaima pa chitseko paja dzanja lili pa loko mpaka inu munasiya kukuwa. Sindinagonenso. M'mawa pomwe anthu anadzadza pakhomo panu ndinadutsa chakumbuyo chifukwa cha manyazi. Sindikudziyeretsa, ndinachita mantha basi. Pepani mayi.

Mayi_a_Pempho
Mmm abale.

NaBanda_wa_25C
Bambo a kwa geti lobiriwira zikomo poti mwanena. Mantha ndikuwamvetsa, inenso ndinagona pansi osalimbana nawo. Koma foni munali nayo. Ine anga onse anatenga, ndinalibe poimbira. Mukanaimba 997 ya apolisi, kapena kwa Madala, kapena kungoyatsa magetsi apanja nkukuwa muli m'nyumba momwemo kuti ndidziwe kuti wina wandimva. Ana anga anaima pakhonde pamvula akuyang'ana nyumba zonse zili zii, wamkuluyo anandifunsa kuti amama anthu asamuka?

NebaWanu_GetiLobiriwira
Zoona mayi, palibe chimene ndinganene. Za foni sizinandibwerere nkomwe m'mutu.

Nachisale_M
Inenso ndinamva, ndisaname. Ndinaganiza kuti ena atuluka. Mwina tonse timaganiza choncho, aliyense kudikira chitseko cha mnzake chiyambe kulira.

AnkoloWaMaWelding
Musawaweruze kwambiri anthu. Mchimwene wanga ku Area 36 anatuluka yekha kukathandiza neba, anakumana nawo pa geti, anamutema pamkono mpaka lero zala ziwiri sizipinda ndipo anali kalipentala. Kutuluka wekha mumdima si nzeru. Chimene anachita kwawoko pambuyo pake, nyumba iliyonse inagula wenzulo nkuikoleka pa msomali pafupi ndi bedi. Wina akaimba aliyense amaimba yake ali m'nyumba, ena kumenya malata ndi mpini wa tsache, magetsi onse apanja kuyatsa, kenako azibambo amaitanizana maina pa mpanda nkutulukira limodzi anthu asanu asanu. Wakuba amaopa phokoso lochokera mbali zonse chifukwa sadziwa kothawira.

MotoWaDzenza
Zonsezi nkutaya nthawi. Mankhwala ake ndi amodzi, tikagwira mmodzi tayala ndi petulo basi, anzake aonere pomwepo. Kupita naye kupolisi mawa lake umamupeza akuyenda pa Nsungwi akukuloza chala.

Nachisale_M
Ayi a Moto, zimenezo ayi.

MotoWaDzenza
Inu simunaberedwepo. Ine anandikhuthulira shopu yonse, katundu wa ngongole, mpaka pano ndikubwezabe. Amene tinamugwira anatuluka pasanathe sabata.

Auntie_wa_kuKhoti
A Moto ululu wanu ndaumva koma ndiloleni ndifotokoze pang'ono poti ndagwirapo ntchito m'makhoti zaka zambiri. Malamulo aakulu a dziko lino amati munthu akamangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wopempha belo. Belo ya kupolisi ndi yaulere, wina akakuuzani kuti mulipire ameneyo akukuberani. Nde mukamuona munthu panja sikuti mlandu watha ayi, akuyembekezera tsiku la khoti. Chimene ndinachiona ine kambirimbiri nchoti tsikulo likafika wodandaula sabwera, mboni sizibwera, wina akuti ndili ku geni, wina akuopa kuti andizindikira, mlandu nkuimitsidwa kawiri katatu mapeto ake woweruza alibe pogwira amamumasula. Majisitireti sangamange munthu ndi mphekesera za pa Nsungwi, amafuna munthu aime anene kuti ndinamuona ndi uyu, katundu wanga ndi uyu chizindikiro chake ndi ichi. Sindikukana kuti zachinyengo ziliko, ziliko ndithu, ndipo wapolisi akakuchitani zosayenera kuli Independent Complaints Commission yolandira madandaulo otere. Koma mukaotcha munthu mlandu wake ndi wakupha, ndipo amene amakagona kundende ya Maula ndi inu amene nkhope yanu yaoneka pa video, anzanu okuwa aja ali kunyumba kwawo.

ChimweneWaKabaza
Ine za tayala ndinasiya kuzivomereza nditaona ndi maso. Tsiku lina m'mawa kwambiri ndikupita kukatenga kasitomala wa ku Kanengo ndinapeza gulu lazungulira kamnyamata, akuti kaba nkhuku. Kanali ndi nkhuku ziwiri m'manja zoona. Anakamenya mpaka nkhope yosazindikirika, wina wathamangira kale kukatenga tayala, mwamwayi mayi wina anafika akukuwa kuti ameneyo ndi mwana wa mchemwali wanga ndamutuma ndine akagulitse kumsika tipeze ya mayeso. Anthu anangobalalika mmodzimmodzi osapepesa nkomwe. Ndinakanyamula ine pa njinga kupita nako kuchipatala, magazi ake anandidontha pa jekete yonse. Ndipo musaiwale ifenso a kabaza ndi amene tikuphedwa kwambiri ndi mbavazi, munthu amakukwera bwinobwino ngati kasitomala, mukafika pamdima anzake akudikira ndi chingwe, njinga yapita. Ine ikangokwana 7 koloko ndimaweruka olo ndalama isanakwane ya bwana. Nde mkwiyo ndili nawo kuposa inu a Moto koma gulu likatentha silifunsa.

Gama_Original
Bola kale apolisi ankasesa usiku, aliyense woyenda pakati pa usiku vakabu. Anachotseranji lamulo lija?

Auntie_wa_kuKhoti
Linathetsedwa ndi High Court mu January 2017 pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamugwira mbandakucha akupita kumsika ku Limbe ndi malonda ake. Khoti linapeza kuti gawo limene anamumangira lija likutsutsana ndi malamulo aakulu. Taganizani a Gama, amene ankagwidwa vakabu anali ndani? Mavenda olawira, alonda oweruka, amayi a zitumbuwa, anthu osauka oyenda pansi. Apolisi sanaletsedwe kuyendera madera usiku kapena kugwira munthu amene pali chifukwa chomuganizira, chimene chinaletsedwa nkutola munthu poti wangopezeka pamsewu.

Mayi_a_Pempho
Koma chimanga cha m'maploti opanda nyumbachi abale chikutipweteketsa. Kumbuyo kwa asisi NaBanda chatalika kuposa munthu, olo masana ine ndimaopa kudutsa kanjira kaja. A khonsolo amaletsa kulima chimanga mu mzinda koma chaka ndi chaka chimalimidwa.

Nambewe_wa_Tomato
Chimanga chija china ndi changa mayi a Pempho. Mukadziwa mtengo wa ndowa pa Nsungwi simungandiuze kuti ndisalime. Matumba atatu amene ndimapata paja ndi amene amatifikitsa mwezi wa August.

LandilodiWaSector3
Dzalani mtedza kapena soya, sizitalika.

Nambewe_wa_Tomato
Ana adya nsima ya soya? Komanso feteleza ndathira kale, ndinachita kukongola.

AnkoloWaMaWelding
Feteleza ndiye musanene, chikhalireni kwacha anaigwetsa ndi 44% mu November 2023 chilichonse chinapenga. Chitsulo chimene ndinkapangira ma burglar bar pano anthu sakuchikwanitsa, amandiuza kuti ankolo ikani chopyapyala chomwecho bola zioneke, nde ndi zimene akupinda ngati waya zija.

Tenanti_Wotopa
Galu bwanji? Alipo ali ndi tiana ta galu?

Gama_Original
Wanga anamupatsa nyama ya tameki, m'mawa ndinamupeza atauma pa geti. Sabata yomweyo anaba mita ya madzi.

FoniDokotala
Tabwererani ku nkhani ya mayiwa. Ine ndimakonza mafoni ndipo ndinena zimene ena sakonda kumva. Katundu wobedwayu sapita kumwamba, amagulidwa ndi ife tomwe. Sabata iliyonse pabenchi panga pamabwera munthu ndi foni yabwinobwino yokhoma, akuti achimwene ndaiwala password tandiflashireni, ukafunsa bokosi kapena lisiti alibe, pa screen pali chithunzi cha mwana wa eni ake. Ine ndimakana koma amangopita benchi lotsatira. Ndipo amene amabwera nazo si anyamata a chamba okha ayi, ena ndi azimayi aulemu wawo, azibambo a tayi, akuti ndagula motchipa kwa kamnyamata kena. Plasma ya ndalama zambirimbiri munthu akukugulitsa mtengo wa nkhuku zitatu usiku pa geti, iwe osadziwa kuti yachokera kuti? Mamita a madzi ndi mipopi zija zimathera kwa ogula zitsulo zakutha pa sikelo. Kulandira katundu wobedwa ndi mlandu pawokha, auntie anditsutse ngati ndikunama. Tsono aliyense pano atenge foni yake ayimbe *#06# ituluka nambala yaitali ya IMEI yozindikirira foniyo, ailembe m'kope asunge. Manambala a kumbuyo kwa TV chimodzimodzi. Mayi NaBanda pitaninso msanga mukatseketse ma SIM aja ndi chiphaso chanu asanayambe kupempha ndalama abale anu pa Airtel Money kapena Mpamba m'dzina lanu.

Auntie_wa_kuKhoti
Simukunama achimwene, ndi mlandu ndithu.

NaBanda_wa_25C
Zikomo a Dokotala, ma SIM ndatseketsa masana ano pochokera kupolisi. Statement ndapereka, anabwera awiri kuzaona zenera. Manambala a IMEI a mafoni ndinalibe koma mashini ndingaizindikire pakati pa mashini 100, ndi yakuda yopalasa ndi phazi, thabwa lake linang'aluka pakona ya kumanja bambo anamanga ndi kachitsulo ka malata, ndipo lamba wake ndinalumikiza ndi waya wa kopa. Amene mumayenda m'misika, kaya ku Tsoka kaya kwa Mgona kaya konkuno, mukaona telala wagula mashini yotere chonde ndiuzeni.

MphunzitsiWopuma
Ndaphunzitsa ku pulayimale kuno zaka zambiri ndipo chimene chimandipweteka nchoti anyamata amenewa si alendo. Wakuba wochokera kutali sangadziwe kuti bambo a pakhomo apa ali ku Kasungu sabata ino, kuti mashini imakhala chipinda chiti. Alipo wa pafupi amene anawauza, mwina anabwerapo kuzasoketsa zipi ya buluku. Ena mwa ana amene amakhala pa mlatho paja tsiku lonse ndinawaphunzitsa ine Standard 5, maina awo ndimawadziwa, makolo awo timapemphera nawo. Mzindawu wakula mothamanga, kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 1 miliyoni mu Lilongwe, pomwe ife tinkabwera kuno kumunsi konseku kunali minda. Ntchito za ku Kanengo zambiri ndi za season, fodya akatha anyamata amabwerera kudzakhala. Koma umphawi sindiupatsa mlandu wonse, osauka ambiri mu 25 muno amadzuka 4 koloko kukaoda tomato osaba kanthu ka munthu. Vuto lina ndi ife makolo, mwana sagwira ntchito koma wabwera ndi foni yatsopano, wabwera ndi ufa theka la thumba usiku, mayi ake nkulandira nkuphika osafunsa. Ufa wa mayi NaBanda lero waphikidwa nsima pakhomo pena mu 25 momwemuno ndipo wophikayo akudziwa kuti sanagayitse.

MotoWaDzenza
Nde atchuleni maina aphunzitsi, tikawatenge.

MphunzitsiWopuma
Ayi mwana wanga, sindinaone amene analowa m'nyumba muja, ndikatchula dzina pano mawa mwana wa eni avulazidwa chifukwa cha ine. Zimene ndikudziwa ndikanena kwa Madala ndi kwa wapolisi woona za chitetezo cha m'madera, iwo afufuze mwa njira yake.

Madala_a_pa_Kona
Bwerani aphunzitsi, sizituluka. Chitetezo cha m'maderachi pomwe chinkayamba mu 1997 cholinga chake sichinali kulemba ganyu anyamata 6 kuti ena tonse tizigona, chinali choti eni mudzi tizigwirizana ndi apolisi. Kale azibambo tinkayenda tokha mosinthana, usiku umodzi pa sabata. Ndikupempha Lamulungu lino 2 koloko tikaweruka ku tchalitchi tikumane pa bwalo la mfumu. Ndibwera ndi kope lonse a Gama aliwerenge mokweza. Tikambe za mawenzulo, za manambala oti nyumba iliyonse ikhale nawo pakhoma, ndi za ma landilodi okhala kutali. Mayi Nambewe inunso mubwere, palibe amene akudulireni chimanga, koma mwina mizere ya m'mbali mwa mipanda ndi kanjira kaja tingagwirizane.

Nambewe_wa_Tomato
Ndibwera. Mizere iwiri ya kumpanda ndikhoza kuchotsa ikakhala nkhani yake ndi imeneyo, koma enanso achotse osati ine ndekha.

Gama_Original
Ndibwera koma ndalama ndiyamba ndaona kope. Zoyenda usiku mosinthana ndilembeni Lachisanu.

Tenanti_Wotopa
Ena timagwira ntchito ya usiku, Lamulungu 2 koloko timakhala tikugona. Mutiuze zimene mwagwirizana.

AnkoloWaMaWelding
Mayi NaBanda zenera lija lisagone choncho. Ndili ndi zidutswa za zitsulo zochindikala za Y12 zinatsala pa ntchito ina, ndibwera nazo 4 koloko magetsi akakhala alipo, za ntchito musadandaule mungogula ma rod.

NebaWanu_GetiLobiriwira
Ma rod ndigula ine ankolo, mundiuze angati. Mayi NaBanda mayi a kunyumba akuti ali ndi foni yaing'ono ya mabatani imene sakugwiritsa ntchito, abweretsa mukhale nayo mpaka muzapeze ina, nambala yanga ndaikamo kale.

NaBanda_wa_25C
Abweretse, ndilandira. Koma ndisakunamizeni kuti mtima watsika, sunatsike, ndikaona zitseko za mzere uno pakhosi pamandiwawabe. Bambo anyamuka ku Kasungu mawa m'mawa. Usiku wa lero sindikudziwa ngati ana agone, kumwambaku kwadanso.

Mayi_a_Pempho
Ine ndi Pempho tizagona komweko lero asisi, tibwera ndi mphasa yathu ndi kaufa pang'ono. Ndiwo musagule ndaphika kale nyemba.